Mowa ndi chiwongolero: chilango chili kale m'buku, nanga n'chifukwa chiyani oledzera saopa?

Kombi ikaphwanyika pa Seke Road, kapena mwana akagundidwa powoloka Simon Mazorodze, n'kumveka kuti woyendetsa amanunkha mowa, mawu amene amatuluka pakamwa pa aliyense ndi amodzi: boma likhwimitse chilango. Ku Mbare, ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Dzivarasekwa mu Harare, kumene ambiri a ife olankhula Chichewa tinabadwira kapena tinafikira, nkhaniyi timaikamba mtima ukuwawa, chifukwa oyenda pansi ndife, okwera makombi ndi mishikashika (timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo) ndife, ndipo ana athu omwe ndi amene amagwira ziwongolero za magalimoto amenewa. Mkwiyo umenewo inenso ndili nawo. Komabe ndikufuna tione bwinobwino chimene tikupemphachi, pakuti lamulo la Zimbabwe pa nkhani yoyendetsa galimoto utamwa si lofewa monga ambiri amaganizira. Pofooka pali pena.

Lamulo lake ndi Road Traffic Act, mutu 13:11, ndipo milandu ya mowa ilimo iwiri. Woyamba uli m'gawo 54: kuyendetsa galimoto m'magazi muli mowa wokwana mamiligalamu 80 kapena kuposa pamenepo pa mamililita 100 alionse a magazi. Pa mlandu umenewu khoti silifunsa ngati munkadzandira kapena munkayenda bwino, ngati munagunda chinthu kapena ayi. Nambala ikangofika 80, mlandu ulipo. Wachiwiri uli m'gawo 55, ndipo ndi waukulu kuposa woyambawo: kuyendetsa galimoto mowa kapena mankhwala ozunguza bongo atakugwirani moti simungathe kuiwongolera moyenera. Mowa ukapezeka kuti wafika pa 150, lamulo limatenga kuti munthuyo anali atalephera kale, ndipo zimakhala kwa iye kusonyeza kuti sizinali choncho. Kukana kuyezedwa nakonso ndi mlandu. Milandu imeneyi imapita kwa majisitireti, amene angagamule chindapusa, ndende kapena zonse ziwiri, n'kuletsanso munthu kuyendetsa galimoto. Kwa woyendetsa kombi kapena lole zinthu ndi zolimba kwambiri: lamulo limaika nthawi ya kundende imene majisitireti sangatsike pansi pake pokhapokha pali zifukwa zapadera, ndipo munthu angaletsedwe kuyendetsa magalimoto a mtundu umenewo moyo wake wonse. Pakakhala imfa, pamabweranso mlandu wopha munthu chifukwa chosasamala, womwe uli m'gawo 49 la Criminal Law Code.

Ndiye wina akanena kuti pasakhale kunyengerera, ndende basi, yankho ndi lakuti ndendeyo inalembedwa kale. Funso lenileni ndi ili: mwa anthu onse amene amatuluka m'mabala ndi m'malo owotchera nyama Lachisanu usiku n'kukhala pachiwongolero, ndi angati amene amaganiza kuti pamsewu akumana ndi wowayeza?

Tisanafike pamenepo, tione kuti 80 ameneyu ndi mowa wochuluka bwanji, chifukwa apa m'pamene anthu amadzinamiza kwambiri. Botolo lalikulu la mamililita 750 la mowa wa mphamvu ya 5 peresenti limakhala ndi magalamu pafupifupi 30 a mowa weniweni. Mwamuna wolemera makilogalamu 70 akamwa awiri otere motsatizana, kawirikawiri amakhala atadutsa malire a lamulo. Munthu wochepa thupi, mayi, kapena amene wamwa m'mimba mulibe kanthu amafika pamenepo msanga. Chibuku mphamvu yake ndi yocheperapo, koma amamwa wochuluka, ndiye pomaliza masamu ake amafanana. Kachasu ndi musombodhiya (mowa waukali wogulitsidwa mobisa) ndiye palibe amene angakuuzeni mphamvu yake, ngakhale wogulitsa.

Mowa ukalowa m'magazi, wouchotsa ndi chiwindi, ndipo chiwindi sichifulumizidwa. Chimatsitsa pafupifupi mamiligalamu 15 pa ola. Khofi, madzi ozizira, kusamba, nsima yambiri ndi nyama yowotcha, zonsezi zingamudzutse munthu tulo koma nambala ya m'magazi sizikhudza. Kudya musanamwe kumangochedwetsa mowa kulowa m'magazi. Apa pali chinthu chimene ndimafuna aliyense wokwera kombi m'mamawa atachimvetsa. Dalaivala amene wasiya kumwa pakati pa usiku ali pa 180, ikamakwana 5 koloko m'mawa, nthawi imene akutulutsa kombi kukanyamula anthu a kuntchito ndi amayi opita kukapikula ku Mbare Musika, amakhala ali pa 105. Wagona, wasamba, watafuna chingamu, iye mwini akumva matsire chabe, koma pamaso pa lamulo ndiponso m'ubongo mwake akadali woledzera. Amatsika pansi pa 80 cha m'ma 7 koloko, atapanga kale maulendo angapo. Ndipo ena amati matsire amatha ndi mowa womwewo, n'kuwonjezera kabotolo pa renki.

Chimene mowa umayamba kuwononga si miyendo ayi, koma chiweruzo. Munthu amadzimva wochenjera pamene maso ake ayamba kuona chapafupi ndi chakutsogolo kokha, nyali za galimoto yobwera zikumuthobwa m'maso nthawi yaitali, ndipo phazi likuchedwa kuchoka pa mafuta kupita pa buleki. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola, lomwe ndi malire a m'tauni, galimoto imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Kuchedwa ndi theka la sekondi ndi mamita 8 owonjezera musanaponde buleki n'komwe. Pamsewu wa ku Nyamapanda kapena wa ku Beitbridge, pa 120, theka la sekondi lomwelo ndi mamita pafupifupi 17. M'misewu yathu yambiri nyali za usiku sizigwira ntchito, maenje ali ponseponse, maroboti ena amakhala atazima, ndipo anthu amawoloka paliponse atavala zakuda. Msewu wotere umafuna dalaivala wamaso kuposa msewu wa ku London. Mawu akuti "ine ndikamwa m'pamene ndimayendetsa bwino" ndi chizindikiro cha vuto lomwelo, chifukwa chiwalo chimene chikanamuuza kuti sakuyendetsa bwino ndi chimene mowa wagoneka.

Zimenezi si zongoganizira. Robert Borkenstein, amene anapanga makina oyezera mowa mumpweya otchedwa Breathalyzer mu 1954 ku America, anatsogoleranso kafukufuku wamkulu mumzinda wa Grand Rapids amene anatuluka mu 1964. Anayeza madalaivala amene anachita ngozi n'kuwayerekeza ndi ena amene anadutsa malo omwewo osachita ngozi. Zimene anapeza, zomwe akafukufuku ena atsimikizira pambuyo pake, ndi zakuti chiopsezo sichikwera pang'onopang'ono mofanana. Chimayamba kukwera munthu asanafike pa 80, pa 80 chimakhala chitaposa kawiri cha munthu wosamwa, ndipo pa 150 chimaposa kakhumi. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization limalangiza mayiko kuti malire akhale 50 kwa aliyense, ndi 20 kwa achinyamata ndi ongoyamba kumene kuyendetsa. Zimbabwe ndi Malawi onse ali pa 80. South Africa ili pa 50, ndipo kwa oyendetsa magalimoto a ganyu ndi a katundu ili pa 20. Abale athu oyendetsa mathiraki ndi mabasi achidziwe chimenechi: mowa umene ungakhale wololeka kumpoto kwa mlatho wa Beitbridge ndi mlandu kummwera kwake.

Tsopano tibwere pa funso lalikulu, loti chimene chimaletsadi anthu n'chiyani. Mayiko ena anayesa kale njira zosiyanasiyana, ndipo zotsatira zake zimaloza kumodzi. Britain inakhazikitsa malire a 80 ndi kuyeza mpweya pamsewu mu 1967, nduna ya zamtengatenga ali Barbara Castle. M'chaka choyamba imfa za pamsewu zinatsika ndi anthu oposa 1,000. Koma patapita zaka zochepa phindulo linayamba kuzilala. Katswiri wina wofufuza nkhanizi, H. Laurence Ross, anafotokoza chifukwa chake: poyamba anthu ankakhulupirira kuti wapolisi ali pangodya iliyonse, kenako anazindikira kuti mwayi woimitsidwa ndi wochepa, n'kubwerera ku zakale. Lamulo silinasinthe, chilango sichinasinthe, chimene chinatha ndi mantha ogwidwa.

Ku Australia anachita mosiyana. Dera la Victoria linayamba kuyeza madalaivala mwachisawawa mu 1976, ndipo New South Wales inatsatira mu Disembala 1982 ndi mphamvu zonse. Mwachisawawa apa ndikutanthauza kuti wapolisi sadikira kuti aone galimoto ikukhotakhota kapena amve fungo. Aliyense woimitsidwa amauzira, kaya ndi m'busa, kaya ndi gogo, kaya ndi bwana wa Benz. M'chaka choyamba ku New South Wales anayeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi, poonekera, nthawi ndi malo osadziwika, uku wailesi ndi TV zikulengeza osaleka. Imfa zinatsika, ndipo chosiyana ndi ku Britain n'chakuti sizinabwerere m'mwamba, chifukwa kuyezako sikunaleke. Munthu amene wayezedwapo, kapena waona mnzake akuyezedwa sabata yatha, amayamba kuganiza za makiyi asanatsegule botolo loyamba.

Chitsanzo cha Scotland ndiye chimene ndimafuna opanga malamulo athu atachisinkhasinkha. Mu Disembala 2014 anatsitsa malire kuchoka pa 80 kufika pa 50, monga momwe akatswiri amalangizira. Akafukufuku a pa yunivesite ya Glasgow atawerengetsa ngozi za zaka zotsatira, anapeza kuti sizinatsike. Chifukwa chimene anachiona kuti n'chachikulu ndi chakuti kusintha kwa lamuloko sikunatsagane ndi kuwonjezera kuyeza pamsewu. Nambala inasintha papepala, koma dalaivala sanaone chosintha pamsewu wake. Ine ndimagwirizana ndi zoti Zimbabwe itsike kufika pa 50, ndipo kwa onyamula anthu itsike kwambiri kuposa pamenepo. Koma kutsitsa malire popanda woyeza kuli ngati kumanga nkhokwe yaikulu m'munda mosalimidwa.

Nanga kuno kwathu kuyeza kumayenda bwanji? Kwa zaka zambiri makina oyezera mowa anali osowa m'manja mwa apolisi a pamsewu. Popanda makina, wapolisi amadalira mphuno ndi maso ake, ndipo kuti mlandu ulimbe amayenera kupita ndi munthuyo kuchipatala kuti akamutenge magazi. Taganizirani zimene zimachitika. Ngozi yachitika 11 koloko usiku. Galimoto ya apolisi iyenera kupezeka. Kuchipatala chachikulu, kaya ku Parirenyatwa kaya ku Sally Mugabe, madokotala ali kalikiliki ndi ovulala amene akutaya magazi, ndipo n'zomveka kuti amenewo ndiwo ayambe kuthandizidwa. Maola akudutsa, chiwindi cha woganiziridwayo chikugwira ntchito yake, mamiligalamu 15 pa ola akuchoka. Magaziwo akatengedwa ayenera kusungidwa bwino, kulembedwa dzina, kupita ku labotale, zotsatira n'kubwera mlandu usanazizire. Pakaduka penapake pa ndondomeko imeneyi, loya wa woimbidwa mlandu amalowera pomwepo. Mapeto ake munthu amene aliyense pamalo a ngozi anamumva fungo amakaimbidwa mlandu wongoyendetsa mosasamala, nkhani ya mowa itagwera m'njira. N'chifukwa chakenso ziwerengero za ngozi zobwera ndi mowa zimaoneka zochepa kuposa zimene anthu amaona ndi maso: chimene sichinayezedwe sichilembedwa.

Makina oyezera mpweya amadula njira yonseyi. Mowa wa m'magazi umatuluka pang'ono kudzera m'mapapo, ndipo kuchuluka kwake mumpweya kumayendera limodzi ndi kuchuluka kwake m'magazi. Dalaivala amapatsidwa kapaipi katsopano komatula m'pepala iye akuona, amakoka mpweya, n'kuuzira mosadukiza kwa masekondi angapo mpaka makina alire, kuti mpweya woyezedwawo ukhale wochokera pansi pa mapapo osati wa m'kamwa. Ngati wangomeza kumene, amayenera kudikira mphindi 15 kapena 20, chifukwa mowa wotsalira m'kamwa umakweza nambala mopanda chilungamo. Makina alipo a mitundu iwiri. Ang'onoang'ono a m'manja ndi osefera chabe, ongosonyeza kuti uyu apitirire ulendo, uyu atsale. Ena ndi operekera umboni, amene amasindikiza kapepala kokhala ndi tsiku, nthawi ndi nambala, koti kakaonekere kukhoti. Boma likamalengeza kuti lagula makina, funso loyamba likhale loti ndi a mtundu uti, ndipo ndani aziwakonza.

Funso limenelo si laling'ono. Mu 2011 khoti lalikulu la ku Western Cape ku South Africa linakana umboni wa makina a Dräger, litapeza zolakwika pa kaonedwe ka makinawo ngati akuyeza molondola, kasungidwe ka zolembedwa ndi maphunziro a owagwiritsa ntchito. Kuyeza kwa mtundu umenewu kunaima kwa zaka, n'kudzabwereranso mu 2016 atakonza zolakwikazo. Ku Kenya, kumene makinawa amatchedwa Alcoblow, khoti la apilo linagamula mu 2017 kuti malamulo amene ankawagwiritsira ntchito sanalembedwe mogwirizana ndi lamulo lalikulu la pamsewu, ndipo nyumba ya malamulo inachita kukonza lamulolo mu 2022. Mayiko awiriwa makina anali nawo, ndalama anawononga, koma oledzera anapeza mpata. Choncho kugula ndi gawo losavuta. Chovuta ndi chosaoneka pa TV: makina ovomerezeka ndi lamulo, otsimikizidwa nthawi ndi nthawi kuti sakunama, wapolisi wophunzitsidwa wokhala ndi satifiketi, timapaipi tokwanira, mabatire, ndi pepala losindikizira lisathe mu Januwale.

Pali nkhani ina imene tonse timaidziwa ndipo sitiyenera kuizemba. Amene anali mu Harare chisanafike chaka cha 2017 akukumbukira kuchuluka kwa marodibuloko, moti munthu ankaimitsidwa kangapo paulendo umodzi wochoka ku Chitungwiza kulowa m'tauni. Marodibuloko amenewo anthu ankawaona ngati malo otolera ndalama, ndipo atachepa mu Novembala chaka chimenecho ambiri anapuma. Phunziro lake ndi lakuti kuchuluka kwa apolisi pamsewu pakokha sikuteteza moyo. Ndipo apa m'pamene chilango chokhwima chingathe kutembenuka. Ngati munthu akudziwa kuti kukhoti kukumudikira ndende ndi kulandidwa laisensi, ndalama imene angalole kupereka pamsewu kuti nkhani ithere pomwepo imakwera. Chilango chikakwera popanda woyang'anira woyezayo, chimene chakwera ndi mtengo wa chiphuphu. Wolemera amalipira n'kupita akudzandira, wosauka ndi amene amalowa m'chitokosi. Njira zotsekera mpata umenewu zilipo ndipo si zachilendo: makina osunga okha chiwerengero cha kuyeza kulikonse kuti akuluakulu athe kufunsa kuti munthu amene anapezeka ndi 140 Loweruka usiku mlandu wake uli kuti, makamera ovala pachifuwa, apolisi ogwira ntchito m'magulu osinthasintha, komanso kupezekapo kwa a Traffic Safety Council of Zimbabwe pamalo oyezera. Wopereka chiphuphu nayenso tisamuiwale. Ndi m'bale wathu yemwe, ndipo nthawi zina ndife amene timasonkha ndalamayo pafoni kudzera pa EcoCash kuti atuluke.

Pa zilango zonse, chimene ndikuona kuti chimaluma ndi kulanda laisensi, osati chindapusa. Chindapusa kwa munthu wa ndalama ndi mtengo wa chisangalalo basi, pamene kwa mnyamata wa mushikashika ndi lendi ya miyezi ingapo. Kuletsedwa kuyendetsa kumakhudza onse, ndiponso kumachotsa munthu woopsayo pamsewu, chomwe ndi cholinga chenicheni. Koma chiletsocho chimagwira ntchito ngati wapolisi wa ku Mutoko angadziwe kuti munthu amene wamuimitsayu analetsedwa ndi khoti la ku Mbare. Ndi laisensi yakale yachitsulo ija zimenezi zinali zovuta. Laisensi ya pulasitiki imene inayamba kuperekedwa mu 2023 ingathe kuwerengedwa ndi makina, ndiye mwayi ulipo wolumikiza makhoti, apolisi ndi Central Vehicle Registry, ofesi yosunga kaundula wa magalimoto ndi malaisensi, kuti chigamulo chimutsate munthu kulikonse. Pakufunikanso kuti milandu izithamanga. Chilango chobwera patatha zaka ziwiri, mboni zitabalalika ndipo wolakwayo wakhala akuyendetsabe kombi nthawi yonseyo, sichiphunzitsa aliyense pa renki. Makamera a m'misewu ndi abwino pogwira odutsa roboti yofiira ndi othamanga, koma kamera sinunkhiza mowa. Ntchito imeneyi imafuna munthu ataima pamsewu usiku.

Ku Japan anaonjezera chinthu china chimene chingatithandize kuganiza. Lole yoyendetsedwa ndi woledzera itapha ana aakazi awiri pamsewu wa Tomei mu 1999, dzikolo linakhazikitsa mlandu watsopano wa kuyendetsa moopsa mu 2001, n'kutsitsa malire kufika pa 30 mu 2002. Ana atatu atafanso ku Fukuoka mu 2006, lamulo la 2007 linafika pa anthu ozungulira dalaivala: wom'patsa mowa akudziwa kuti ayendetsa, wom'bwereka galimoto, ngakhale wokwera amene wapempha kuti amunyamule akudziwa kuti wamwa. Sindikunena kuti titengere zonse, chifukwa mayi amene wakwera kombi pa renki ya Copacabana usiku sangadziwe zimene dalaivala wamwa, ndipo alibe galimoto ina yoti asankhe. Koma mwini kombi ndi nkhani ina. Iye ndi amene amaika ndalama yoti ibwere pa tsiku, iye ndi amene amalemba dalaivala, ndipo phindu ndi lake. Makampani a migodi ndi mafakitale ena amayeza antchito pageti asanalowe, ndipo palibe amene amati ndi nkhanza. Ku France mabasi onyamula anthu maulendo aatali akhala akuikidwa makina oletsa injini kulira mpaka dalaivala atauzira kuyambira 2015. Kwa ife chotheka lero ndi chaching'ono kuposa pamenepo: mabungwe a eni makombi akhale ndi makina a m'manja pa marenki akuluakulu monga Market Square, Copacabana ndi Simon Muzenda, ayeze m'mamawa, ndipo mwini galimoto amene dalaivala wake wapezeka ataledzera ataye chilolezo chonyamula anthu.

Gawo lina wapolisi sangalifikire, ndipo ndi lathu. Ife pamaliro timagona. Amayi amaimba m'nyumba usiku wonse, abambo amakhala pamoto panja, ndipo pamotopo botolo limazungulira. Pakati pawo pamakhala munthu amene mawa lake adzayendetsa lole yonyamula anamfedwa ndi amayi a mpingo kupita ku manda a Granville kapena Warren Hills, anthu ataima kumbuyo atagwirana mapewa. Aliyense amamuona akumwa mpaka tambala woyamba, koma poti galimoto wapereka mwaulere, kapena ndi wamkulu m'banjamo, pakamwa pamalemera. Chimodzimodzi pa chinkhoswe, pa ukwati, pa mwambo wa chiliza, kapena pobwera ku bwalo la mpira la Rufaro timu itapambana. Chimene ndaona kuti chimathandiza ndi kukonza nkhaniyi mowa usanayambe, pamene adzukulu ndi akomiti akugawana ntchito. Wina wanzeru amapita kwa mwini galimoto n'kugwada pambali: "Malume, mawa anthu onsewa ali m'manja mwanu. Tayala bedi m'chipinda chakumbuyo, kapumeniko, tiyi tikubweretserani komweko." Akakhala kuti alawa kale, mawu amasintha pang'ono: "Achimwene, makiyiwo tipatseni tisunge, mphwanu uja sanamwe, ayendetsa ndi iyeyo, inu mukhala kutsogolo." Munthu wamkulu sakana akapatsidwa ulemu ndi njira yotulukira popanda manyazi. Amakana akachititsidwa manyazi pagulu atamwa kale. Mabungwe athu othandizana pamaliro ali ndi malamulo a zopereka ndi zindapusa za ochedwa ku msonkhano, ndiye palibe chowaletsa kulemba mzere umodzi wakuti wonyamula anthu asamwe kuyambira madzulo.

Tivomerezenso kuti munthu akamwa usiku mu Harare njira zobwerera kwawo ndi zochepa. Makombi amachepa kukada, matakisi ndi odula, ndipo ngakhale inDrive, njira yoitanira galimoto pafoni, yathandiza ena, si onse angakwanitse kuchokera m'tauni kukafika ku Tafara. Kusiya galimoto pabala usiku wonse nako anthu amaopa kuipeza yopanda batire ndi matayala. Izi sizikhululukira munthu, koma wofuna kuti lamulo limveredwe ayenera kuziganizira. Eni malo omwera angathandize posunga magalimoto motetezeka mpaka m'mawa, ndipo khonsolo ingathe kufunsa zimenezi popereka ziphaso zogulitsira mowa. Ndipo mwini galimoto adziwe kuti makampani a inshuwalansi kawirikawiri salipira galimoto yowonongeka ngati woyendetsa anali ataledzera, moti ngongole yonse imatsala pamutu pake ndi pa banja lake.

Malinga ndi ziwerengero za apolisi, anthu pafupifupi 2,000 amafa pamisewu ya Zimbabwe chaka chilichonse, kutanthauza anthu asanu kapena kuposa pa tsiku, ndipo World Health Organization imayerekeza kuti chiwerengero chenicheni ndi chokwera kuposa pamenepo, poti ena amakafera kuchipatala kapena kunyumba patapita masiku. Tchuthi cha Khirisimasi, cha Isitala kapena cha Heroes chikatha, apolisi amalengeza kuchuluka kwa ngozi, omwalira ndi ovulala. Nambala imene ndimafuna kuti atolankhani, makhansala ndi aphungu athu aziifunsa ndi ina: madalaivala angati anauzira m'makina pa masiku amenewo, angati anapezeka atadutsa 80, angati mwa iwo anafika kwa majisitireti, ndipo ndi angati amene laisensi yawo inalandidwadi. Ngati oyezedwa akuchuluka chaka ndi chaka pamene opezeka ataledzera akuchepa, tidzadziwa kuti ntchito ikugwirika. Ngati opezeka ataledzera ndi 500 koma ofika kukhoti ndi 50, tidzadziwa malo enieni amene 450 enawo akutayikira, ndipo bungwe lolimbana ndi ziphuphu la Zimbabwe Anti-Corruption Commission lidzakhala ndi poyambira.